Chidule cha kafukufuku chisabise zovuta za mankhwala

Wofufuza akafuna kukalankhula pa msonkhano wa madokotala, amatumiza chidule cha mawu pafupifupi 250 kapena 300. Komiti imachiwerenga n'kusankha amene akaime kutsogolo ndi amene akapachike positala. Chodetsa nkhawa n'chakuti nthawi zambiri chidulecho chimakhala chokhacho chimene anthu adzaone pa kafukufukuyo. Mu 2018 bungwe la Cochrane lidatulutsa kauniuni wa Roberta Scherer ndi anzake, amene adalondola zidule zoposa 300,000 za pamisonkhano. Pafupifupi 37 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zidadzasindikizidwa mokwanira m'magazini a sayansi, ndipo zonena kuti mankhwala athandiza ndizo zinkapeza malo mosavuta.

Mu Januwale 2008, Sally Hopewell ndi gulu la CONSORT adafalitsa m'magazini a The Lancet ndi PLoS Medicine mfundo 17 zoyenera kupezeka m'chidule cha kafukufuku wogawa odwala m'magulu mwa maere. Zina n'zapafupi: mutu unene kuti odwala adagawidwa mwa maere, ndipo chidulecho chinene kuti adali ndani, adapatsidwa chiyani, ndalama zidachokera kwa yani, komanso nambala imene kafukufukuyo adalembetsera.

Koma pali mbali ziwiri zimene ine ndimaziona kuti ndizo mutu wa nkhani. Yoyamba ikufuna kuti wolemba anene chiwerengero cha odwala amene adalowa m'gulu lililonse, kenako cha amene adawerengedwa pomaliza. Tiyerekeze kuti adalowa 200 koma zotsatira ndi za anthu 140. Nanga 60 aja ali kuti? Mwina adasamuka, komanso mwina adasiya mankhwala chifukwa ankawasanzitsa, kapena adamwalira. Yachiwiri ndi zovuta zimene mankhwala adabweretsa m'thupi. Malo akachepa, mzere umenewu wolemba amafulumira kuuchotsa, chonsecho ndi umene dokotala amaufuna asanalembere wodwala mankhwala atsopano.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri dokotala wa pachipatala cha boma kuno kwathu, amene alibe ndalama zolipirira magazini akunja ndipo amangowerenga chidule chaulere pa intaneti. Iye sangatsegule lipoti lonse kuti atsimikize.

Pali mfundo imodzi imene CONSORT idaikira zidule za pamisonkhano zokha: wolemba asiye njira yomupezera, kuti wofuna zambiri athe kumufunsa ngakhale lipoti lonse litapanda kutuluka.