Za Kuphunzira Digiri Munthu Ali pa Nchito

M'midzi mwathu muli aphunzitsi, anamwino ndi alembi ambiri amene anakhoza bwino mayeso a Fomu 4, koma malo a ku yunivesite sanawapeze, kapena makolo ao analibe chuma. Lero ali pa nchito, ali ndi mabanja, koma mtima ukali kulakalaka maphunziro. Ena mwa iwo atifunsa ngati kuli koyenera kuti munthu wa banja ayambe digiri pa intaneti wosasiya nchito yake. Tiyankha pano, pakuti nkhani imeneyi ikhudza nyumba yonse.

Njirayi si ya dzulo ai. M'chaka cha 1858 yunivesite ya London inalola anthu okhala kutali kulemba mayeso ake. Yunivesite ya UNISA, ya ku Pretoria, inayamba kuphunzitsa ndi makalata m'chaka cha 1946. Nelson Mandela anatsiriza digiri yake yoyamba ya UNISA ali kalaliki kwa maloya ku Johannesburg, nawerenga usiku ndi kandulo. Ndipo digiri ya malamulo anaipata mu 1989 ali m'ndende. Kwathu kuno Malawi Correspondence College inatsegulidwa mu 1965, ndipo yunivesite ya Mzuzu iphunzitsanso anthu ali kwao. Chimene chasintha ndi mthenga yekha: kale maphunziro anadza ndi positi, lero adza pa foni ndi pa kompyuta. Thukuta lake ndi lomwe lija.

Poyamba, werengani nthawi. Ku UNISA digiri ya zaka 3 iwerengedwa ngati maola 3,600 a kuphunzira. Munthu wa pa nchito akapatula maola 2 tsiku liri lonse, masiku 6 pa mlungu, adzapeza maola ngati 600 pa chaka. Ndiye kuti ulendo wake udzatha zaka 6. Mwana amene ali kuyamwa lero adzakhala atayamba sukulu bambo wake asanavale mkanjo. Amene atenga maphunziro ambiri nthawi imodzi kuti afulumire, kawirikawiri alephera, nalipira kawiri. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachiwiri, werengani ndalama, ndipo muwerenge muli awiri. Kuwonjezera pa fizi pali intaneti, magetsi kapena sola, mabuku, ndi nthawi zina ulendo wa kokalemba mayeso. Sukulu ya kunja ilipidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha ikagwa mtengo ukwera pakati pa ulendo. Mwamuna asagulitse chimanga cha m'nkhokwe mobisa, kapena kutenga katapira, kapena kudya fizi ya ana chifukwa cha digiri yake. Ndipo ngati wophunzirayo ndi mai, mwamuna asachite manyazi kunyamula mwana ndi kuyang'anira moto kuti mkazi wake awerenge. Anthu amene analonjezana pa guwa asenze katundu ameneyu pamodzi.

Chachitatu, chenjerani ndi afisi ovala chikopa cha nkhosa. Pa intaneti pali masukulu onyenga amene alonjeza digiri m'miyezi yowerengeka, wopanda mayeso, bola ndalama. Musanalipire tambala, funsani ku bungwe la National Council for Higher Education ku Lilongwe, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ngati sukuluyo ndi maphunziro ake ziri zovomerezeka. Funsaninso akulu a pa nchito panu ngati pepalalo adzalilandira. Sukulu yoona idzafuna kuona satifiketi yanu ya MSCE. Imene siifunsa kanthu, ithaweni.

Chachinai ndi cha mzimu. Mphunzitsi amene asiya ana m'kalasi ali kulemba zake pa foni, ndi namwino amene aleka odwala kuti awerenge, aba nthawi imene alipidwa, nalakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri. Amene agula nchito yolembedwa ndi wina, kapena ailembetsa makina naipereka ngati yake, achita umboni wonama. Ndipo tsiku lina odwala kapena ana a eni adzalipira umbuli wake. Nthawi ya kuphunzira ichotsedwe pa macheza, pa bawo ndi pa moŵa; isachotsedwe pa Misa ya Lamulungu, pa mapemphero a madzulo a banja, kapena pa Mphakati.

Tsono amene mwawerenga zonsezi ndi kuona kuti nyumba yanu ingathe, yambani wosaopa, pakuti nzeru ndi mphatso ya Mulungu, ndipo talente yokwiriridwa siikondweretsa Mwini wake. Inu anansi, musawaseke poona nyali ikuyaka pakati pa usiku. Koma muwathandize ndi kuwapempherera. Ndipo digiri ikadza, mwini wake akumbukire mudzi umene unamlera. Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, asunge onse ogwira nchito usana ndi kuphunzira usiku.