Kusanja Nyimbo Monga mwa Nyengo

Ku mapiri a Dedza, kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimasonkhanitsa anthu pamoto, makolo athu sankayimba chisawawa: nyimbo za pamtondo zinali ndi nthawi yake, ndipo ng'oma za Gule Wamkulu zinkagunda koposa dzinthu zitalowa m'nkhokwe. Mnyamata wa lero, amene amapita ndi foni yake kwa okopera nyimbo pa boma, achita bwino akatsata nzeru yomweyo, nasanja za dzinja padera, za masika padera, osaiwala oyimba amene wailesi sinawatchule. Pakuti ngakhale a Madalitso Band, asanakayimbe ku Zanzibar mu 2017, ankaliza babatoni wawo m'misewu ya Lilongwe. Tsono inu owerenga, funafunani oyimba akwanu, ndipo muwalipire monga kuyenera thukuta lawo.