Kodi Mankhwala Okana Madzi Amayesedwa Bwanji?

Amalonda ambiri amatsatsa mankhwala opaka pa khoma, pa nsalu kapena pa galasi ponena kuti amakana madzi. Ine ndimafuna wogula aliyense adziwe kuti mawu amenewa ali ndi muyeso wake.

Muyeso woyamba ndi kaimidwe ka dontho. Akatswiri amadontheza madzi pamalo opakidwawo, n'kujambula dontholo cham'mbali ndi makina otchedwa goniometer, kenako n'kuyeza kona ya pamene dontholo lakhudzana ndi malowo. Ikapitirira madigiri 90, malowo akukana madzi. Ikapitirira 150, akuwakana kotheratu. Mankhwala opaka otchedwa Teflon amangofika pafupifupi 110. Tsamba la koko limaposa pamenepo: dontho limakhala lobulungira ngati mkanda, ndipo mukangopendeketsa tsambalo limagubuduzika osasiya chinyezi. Mu 1997, Wilhelm Barthlott ndi Christoph Neinhuis a ku Bonn anafotokoza chinsinsi chake atafufuza masamba a chomera chotchedwa lotus: timatuza tosaoneka ndi maso, tokutidwa ndi phula, timene timasunga mpweya pansi pa dontho.

Wachiwiri ndi kupendeketsa. Mankhwala apamwamba amagwetsa dontho malowo asanapendekeke madigiri 10.

Wachitatu, umene ndimaudalira kwambiri, ndi kulimba. Timatuza tonga tija ta pamalo opakidwa mankhwala timaperepeseka msanga, choncho oyesa amakhula malowo, kuwachapa, kuwaika pa nyali zoyerekeza dzuwa, n'kuyezanso. Poyerekezera mankhwala awiri, musakhutire ndi nambala za tsiku lopaka. Funsani zotsatira za pambuyo pa kukhula ndi kuchapa, chifukwa ndi zimene zingateteze ndalama zanu.