Akatswiri a Tenesi Amene Anatsekeredwa Kunja

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za masewera a tenesi, aja amene anthu amamenyerana kampira pamwamba pa ukonde. Ambiri a inu munamvapo za Wimbledon, bwalo la udzu la ku London. Koma mu mzinda womwewo munali mpikisano wina, wa ku Wembley, kumene kwa zaka zambiri kunasewera amuna oposa aja a ku Wimbledon.

Poyamba timvetse lamulo la masiku amenewo. Akuru oyang'anira tenesi anagawa osewera m'magulu awiri. Ena anasewera cifukwa ca ulemu cabe, osalandira malipiro. Ena anayesa tenesi nchito yao, nalandirapo ndalama poyera. A gulu laciwirili sanaloledwe kuponda pa Wimbledon, kapena pa mipikisano ina yaikuru. Tsono mnyamata wa luso amene analibe cuma ca makolo anayenera kusankha: kukhala ndi zikho m'thumba muli mbee, kapena kudya za thukuta lake ndi kutsekeredwa kunja. Ine ndiona kuti lamuloli linakomera ana a olemera. Ndiponso cinali cinsinsi codziwika kuti ena mwa osalipidwa aja anali kulandira mwamseri.

Mu 1934 ku Wembley anamanga nyumba yaikuru yochedwa Empire Pool, imene munali dziwe losambiramo, ndipo caka comweco osewera olipidwa anacitiramo mpikisano wao woyamba. Anapambana ndi Ellsworth Vines wa ku America. Bwalo lake linali la matabwa, pansi pa denga ndi nyali zamagetsi. Mphepo ndi mvula munalibe, koma pa matabwa mpira umathamanga koposa, kotero kuti wozengereza pang'ono amangoumva utapita kale. Don Budge anapambana mu 1939, nkhondo niimitsa zonse kufikira 1949, pamene Jack Kramer anatenga ulemuwo.

Munthu amene dzina lake siliiwalika pa Wembley ndiye Pancho Gonzales, wobadwira ku Los Angeles kwa makolo a ku Mexico. Iye analowa gulu la olipidwa mu 1949 ali ndi zaka 21, napambana pa Wembley mu 1950, 1951, 1952 ndi 1956. Mu 1952 Kramer anamgonjetsa zigawo ziwiri zoyamba, koma Gonzales anadzuka natenga zitatu zotsala. Ndewu ya 1956, yolimbana ndi Frank Sedgman wa ku Australia, inatha motere: 4-6, 11-9, 11-9, 9-7. Muzindikire kuti cigawo ca tenesi cimatha munthu akafika pa 6, malinga wasiya mnzake ndi ziwiri. Masiku amenewo, akalephera kusiyana comweco anali kungopitiriza. Manambalawa atanthauza kuti amuna awiriwa anakanirirana ngati nkhunzi ziwiri m'khola limodzi, wina osalola kubwerera m'mbuyo.

Pambuyo pake panadza Ken Rosewall, wa ku Australia yemwenso, munthu wocepa thupi amene anzake anamucha "Muscles" pomseka. Anapambana mu 1957, ndiponso zaka zinai zotsatana kuyambira 1960 kufikira 1963.

Kapena wina afunsa kuti, kodi tidziwa bwanji kuti a ku Wembley anaposadi a ku Wimbledon? Taonani za Rod Laver. Mu 1962 iye anatenga zikho zonse zinai zazikuru za osalipidwa: ca Australia, ca France, ca Wimbledon ndi ca America. Koma atalowa gulu la olipidwa mu 1963, Rosewall ndi Lew Hoad anamgonjetsa kawirikawiri pa miyezi yoyamba, ngati mwana wa sukulu amene wakwera kalasi. Anaphunzira msanga ndithu. Mu 1964 anagonjetsa Rosewall pa Wembley m'zigawo zisanu, ziwiri zomariza zonse 8-6, ndipo sanacoke pampandopo kufikira 1967.

Kumapeto kwa 1967 akuru a tenesi a ku Britain anatsimikiza kufafaniza kusiyanitsa kuja, ndipo mu April 1968, ku Bournemouth, magulu awiriwa anakomana pa bwalo limodzi. Rosewall ndiye anapambana kumeneko, Laver natenga Wimbledon ya caka comweco. Koma kwa ena khomo linatseguka dzuwa litapendeka. Gonzales anabwerera ku Wimbledon ali ndi zaka 40. Rosewall, amene anamanidwa mpikisanowo zaka 11, anafika pa ndime yomariza mu 1970 ndi mu 1974, nagonja konse kuwiri. Awiri onsewa sanakwezepo cikho ca Wimbledon ca munthu mmodzi.

Nanga Wembley? Popeza akatswiri tsopano anali ndi ufulu wosewera kulikonse, mpikisanowu unangokhala umodzi mwa yambiri. Kuyambira 1976 unadziwika ndi dzina la kampani ya fodya ya Benson & Hedges, imene inaikapo ndalama. John McEnroe anaupambana kasanu pakati pa 1978 ndi 1983, Ivan Lendl katatu. Wotsiriza unacitika mu 1990, pamene Jakob Hlasek wa ku Switzerland anagonjetsa Michael Chang.