Chigayo cha ku Afungi

Tinene kuti munthu wachuma wabwera m'mudzi mwanu kudzamanga chigayo. Amfumu amupatsa malo pomwe panali dimba lanu. Antchito wabwera nawo ochokera kutali, wamanga mpanda, pageti waikapo mlonda. Inu chanu n'kumva kulira kwa injini basi, ngakhale gaga osamuona. Kodi mumadana ndi chigayo? Ayi ndithu, ufa mumaufuna. Chokuwawani ndi mpandawo.

Anthu ambiri a ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, amaona choncho chuma cha makampani akuluakulu. Gasi anapezeka pansi pa nyanja kufupi ndi mtsinje wa Rovuma mu 2010. Kenako kampani ya TotalEnergies ya ku France inatsogolera ntchito ya madola 20 biliyoni ku Afungi, pafupi ndi Palma, ndipo mabanja anasamutsidwira ku Quitunda. Ku Montepuez nako, anyamata okumba miyala ya rubi ndi mapiki anathamangitsidwa kumayambiriro kwa 2017. Mnyamata wopanda ntchito akamaona chuma chikumudutsa pamphuno, aliyense womulonjeza kanthu amamutchera khutu.

Mu Okutobala 2017 zigawenga zinathira nkhondo apolisi ku Mocímboa da Praia. Eni dera amazitcha al-Shabaab, ngakhale si gulu la ku Somalia lija. Zili ndi chiphunzitso chawochawo chachipembedzo, ndipo umphawi pawokha susandutsa munthu wakupha, koma mkwiyo unazipeputsira ntchito yokopa achinyamata.

Nanga achifwamba akalowa m'mudzi, mwini chigayo amatani? Amakhoma loko, n'kunyamula chikwama chake, ulendo. Ndalama ili ndi miyendo, ndipo ndi yamantha zedi. Palma itaukiridwa mu Malichi 2021, mwezi wotsatira TotalEnergies inaimitsa ntchito, ndipo inakhala chiimire zaka zoposa zinayi. Boma linataya nthawi yotolera misonkho yomwe linkaiwerengera kale. Koma ophedwa ambiri anali asodzi ndi alimi, omwe aja anali kunja kwa mpanda, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anathawa m'makomo mwawo. Amene amati zigawengazi zikumenyera osauka afunse osaukawo.

Asilikali a ku Rwanda anafika mu Julayi 2021, ndipo madera oyamba kuwateteza anali Palma ndi Mocímboa da Praia, mbali yomwe kuli gasi. Zigawenga zinangosunthira kumwera, n'kuyamba kuotcha midzi ya ku Ancuabe ndi Chiúre.