Madzi ndi omwewo, nanga tikunyozeranji?

Tsiku lina m'mamawa ndili padoko la Nkhata Bay kudikira Ilala, ndidaona khamu la anthu ovala zoyera likuimba m'mbali mwa nyanja. Abusa, madzi ali m'chiuno, ankamiza anthu mmodzimmodzi. Mayi wina wogulitsa usipa pambali panga adangoti, "Amenewa ndiye abatizidwa zenizeni, osati zowazana timadzi pachipumi." Mnzake, wa CCAP, adayankha mokwiya: "Inu, mpingo wathu udafika kuno agogo anu asanabadwe!"

Ndidaseka, koma mkanganowu ndi wakale kuposa amayi awiriwa.

Mu 1881, Dr Robert Laws adasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe, m'boma lomwe lino. Atonga adakonda sukulu, ndipo pofika m'ma 1890 chitsitsimutso chidabuka, anthu ambirimbiri akufuna ubatizo. Vuto lidali lakuti amishoni ankawasunga m'makalasi zaka zingapo asanawabatize. Anthu adatopa nako kudikira.

Apa mpamene adatulukira Elliot Kamwana, yemwe adaphunzira ku Livingstonia komweko. Ku Cape Town adakumana ndi Joseph Booth, Mngelezi wa chikhulupiriro cha Baptist amene adaphunzitsanso John Chilembwe. Kamwana adabwerera kumudzi mu 1908 ndi uthenga wa Watch Tower, ndipo m'miyezi yochepa chabe adabatiza anthu pafupifupi 10,000 powamiza m'madzi, popanda kalasi kapena ndalama. Boma la atsamunda lidachita mantha nkumuchotsa m'derali mu 1909. Adaloledwa kubwerera mu 1937 ndipo adayambitsa mpingo wa Mlonda.

Si iye yekha. Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda amene Livingstonia idadzoza mu 1914, adatuluka mu 1933 nkuyambitsa mpingo wakewake, podandaula kuti azungu sankalemekeza abusa akuda.

Ndikaiona mbiriyi, anthuwa sankalimbirana kuchuluka kwa madzi ayi. Ankafuna ulemu, ndiponso kuti khomo la tchalitchi lisatsekedwe kwa munthu wamba. Ife tidatola mkangano wokhawo, chifukwa chake nkuchisiya m'mbuyo.

Zotsatira zake ndikuziona m'banja mwathu momwe. Msuweni wanga adakwatiwa kumpingo womiza, ndipo azakhali adakana kukalowa m'tchalitchi tsiku la ukwati. Padakali pano akungopatsana moni wa pamsewu basi. Pamaliro napo timaona makwaya akulandana nyimbo, ofedwa ali kakasi, ngati kuti wafayo ndi chikho cha mpira.

Kunyadira mpingo wako si tchimo. A CCAP ali ndi chifukwa chonyadira sukulu ndi zipatala zomwe makolo awo adamanga, omiza nawonso anyadire kulimba mtima kwa amene adakana kuponderezedwa. Koma abusa, chonde, pamisonkhano ya chitsitsimutso muziwauzako akhristu mbiri yonse, osati mbali yokomera inu yokha.

Sitima itafika, amayi awiri aja adathandizana kusenza dengu la usipa, akukanganabe.