Buleki ya Ekizozi: Zoyenera Kudziwa Musanatsike Phiri ndi Katundu

Mlimi wa kuno ku Wusakile akamagula lole, kawirikawiri amafunsa mafunso atatu: imanyamula matumba angati, imamwa mafuta ochuluka bwanji, ndipo matayala ake ali bwanji. Funso lachinayi, lakuti loleyo idzatsika motani phiri itasenza katundu, limaiwalika. Chifukwa chake n'chomveka. Misewu imene timayendamo masiku onse, yopita ku msika wa Chisokone, ku Masala ku Ndola kapena ku Kasumbalesa, ilibe mitsetse yoopsa.

Komabe ambiri a ife kwathu n'kum'mawa, ndipo nyengo yokolola ikafika timapita kukatenga mtedza, nyemba ndi chimanga ku Petauke, ku Katete kapena ku Chipata. Msewu wa Great East umadutsa m'mapiri a Manenekela, pafupi ndi mlatho wa Luangwa, kumene mitsetse ndi yaitali ndiponso yokhotakhota. Amene amapita ku Chirundu amadziwa Kapiri Ngozi, malo amene dzina lake likudzifotokoza lokha. Pamalo oterewa, moyo wa dalaivala, wa antchito ndi phindu la chaka chonse zimadalira chipangizo chimene ambiri sachisamala, buleki ya ekizozi.

Chifukwa chake mabuleki amatha mphamvu

Mabuleki opondera amaimitsa lole posandutsa liwiro kukhala kutentha. Lole yolemera matani 7 pamodzi ndi katundu wake ikatsika mtsetse wozama mamita 300, kutentha kumene kumatuluka kungawiritse madzi okwana malita 60, ndiko kuti ndowa zitatu za malita 20. Ngati dalaivala atsika ali chipondere, kutentha konseko kumathera m'mawilo. Zitsulo zimafutukuka, mapadi amayamba kuterera, ndipo mafuta a mabuleki amatha kuwira. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akakalamba n'kuyamwa chinyezi amatha kuwira pa madigiri 140 chabe. Akawira, phazi limangomira mpaka pansi, lole ikupitabe.

Galimoto ya petulo imadzigwira yokha dalaivala akachotsa phazi pa mafuta, pakuti njira yolowera mpweya imatsekeka ndipo injini imavutika kuukoka. Injini za dizilo za malole athu sizitero. Mpweya umalowa momasuka, ndipo mphamvu imene pisitoni yagwiritsa ntchito poupanikiza, mpweyawo umaibweza poikankhira pansi. N'chifukwa chake lole ya dizilo imafuna chothandizira china.

Mmene imagwirira ntchito

M'paipi ya ekizozi, pafupi ndi injini, mumakhala kachitseko kachitsulo kozungulira. Dalaivala akakoka kandodo ka pachiwongolero, kachitsekoko kamatseka njira, mpweya umadzazana kumbuyo kwake, ndipo pisitoni iliyonse imakankha movutikira. Injini imasanduka cholemetsa chimene chikugwira mawilo a kumbuyo popanda kutenthetsa mabuleki. M'malole aang'ono kachitsekoko kamakokedwa ndi pampu yoyamwa mpweya, ndipo m'malole aakulu a mabuleki a mpweya kamakankhidwa ndi mpweya wa m'thanki.

Musaisokoneze ndi buleki ina yaphokoso lalikulu imene mumaimva pa mathiraki onyamula mkuwa pamsewu wa ku Ndola. Imeneyo ndi Jake brake, ndipo imakhala pamutu pa injini. Anaitulukira ndi Clessie Cummins wa ku America, amene mu 1931 anapulumukira mkamwa mwa mbuzi mabuleki atamuthera potsika Cajon Pass ku California. Kampani ya Jacobs inayamba kuipanga mu 1961. Ndi ya injini zazikulu, ndipo simudzaifuna pa Canter.

Yambani mwaona imene ilipo kale

Malole ambiri ochokera ku Japan, monga Mitsubishi Canter ya injini ya 4D33 kapena 4D34, Isuzu Elf ya 4HF1, Fuso Fighter ndi Hino, amabwera nayo kale buleki imeneyi. Vuto ndi lakuti ambiri amafika kwa mlimi atadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo penapake inafa kapena inachotsedwa. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: utoto wonyezimira usakulepheretseni kuiyesa musanapereke ndalama.

Pamsewu wowongoka ndiponso wouma, yendani pa giya yachitatu, chotsani phazi pa mafuta, kenaka kokani kandodo. Kanyali kayake pa dashibodi, kulira kwa injini kusinthe, ndipo mumve lole ikugwidwa. Mukaponda mafuta kapena kilachi, isiye pomwepo. Ngati kanyali kayaka koma palibe chachitika, nthawi zambiri chifukwa chake ndi chaching'ono: kapaipi ka mpweya kong'ambika, vavu ya magetsi yopsa, kapena kachitseko kogwidwa ndi mwaye ndi dzimbiri. Ngati kanyali sikayaka n'komwe, onani fyuzi ndi maswichi a pa zopondera. Kukonza zimenezi n'kotsika mtengo kusiyana ndi kugula yatsopano.

Posankha ina

Ngati inachotsedweratu, funani ya mtundu womwewo wa injini yanu. Pitani kwa wogulitsa ndi nambala ya injini ndi ya chesisi, osati dzina la lole lokha. Kachitseko kalikonse kali ndi kabowo kapena kampata kotulutsira mpweya wina, koyezedwa molingana ndi mphamvu ya masipiring'i a mavavu a injiniyo. Mukaika ya injini yaikulu pa yaing'ono, kapena makaniko akawotcherera kabowo kuti igwire kwambiri, mpweya umakankha mavavu n'kuwatsegula nthawi yosayenera, ndipo pisitoni ikhoza kuwamenya. Mudzakhala mutagula buleki n'kutaya injini.

Onaninso zinthu zitatu. Kukula kwa paipi kufanane. Magetsi agwirizane, pakuti malole ambiriwa ndi a mavoti 24 pamene magalimoto aang'ono ndi a 12. Chokokera chake chikhale cha mtundu wa mpweya umene lole yanu ili nawo. Mukagula yogwiritsidwapo kale ntchito, yendetsani kachitseko ndi dzanja: kazizungulira momasuka koma kasamagwedere. Lole yosintha yokha magiya, ndiponso yatsopano imene injini yake imayendetsedwa ndi kompyuta, muipereke kwa amisiri odziwa mtunduwo, chifukwa mwa ina kachitsekoko kamathandizanso kuyeretsa sefa ya mwaye.

Poika

Ntchitoyi ndi ya makaniko, koma mwini lole akhalepo ndipo adziwe chofunsa. Injini izizire kaye ndipo batire ichotsedwe. Buleki iikidwe pamalo amene opanga anakonza, pafupi ndi injini, ndipo ngati pali turbo, ikhale pambuyo pake. Magasiketi akhale atsopano. Mng'alu uliwonse pakati pa injini ndi kachitseko umataya mpweya, buleki n'kufooka, ndipo utsi ukhoza kulowa mokhala dalaivala. Mawaya ndi timapaipi ta labala zimangidwe kutali ndi chitsulo chotentha, ndipo pakhale fyuzi.

Musalole kuti ilumikizidwe ku swichi imodzi yokha pofuna kufulumira. Swichi ya pa mafuta imateteza kuti kachitseko kasatseke injini ikukoka. Ya pa kilachi imateteza kuti injini isazime mukamasintha giya, ndipo injini ikazima pamtsetse, chiwongolero ndi mabuleki zimalimba. Ntchito ikatha, yesani lole ili yopanda katundu, kenaka itasenza, pamalo athyathyathya.

Poyendetsa

Buleki ya ekizozi imagwira mwamphamvu injini ikamazungulira mofulumira, choncho pa giya yachisanu thandizo lake ndi lochepa. Sankhani giya musanayambe kutsika, yomweyo imene mukanakwerera phirilo kapena yotsikirapo. Yang'anani kuti muvi wa injini usafike pofiira. Liwiro likamakwera, pondani buleki mwamphamvu kwa kanthawi, litsike, kenaka chotsani phazi kuti mawilo azizire. Kutsika phiri giya itachotsedwa pofuna kusunga mafuta n'kusiya lole yopanda chilichonse choigwira koma mabuleki opondera okha.

M'nyengo yadzinja chenjerani. Popeza imagwira mawilo a kumbuyo okha, pa phula lonyowa kapena m'matope a njira za ku minda lole yopanda katundu ikhoza kutembenuka. Pamenepo izimitseni ndipo muchepetse liwiro.

Kumbukiraninso kuti buleki imeneyi siimitsa lole, siigwira poimika, ndipo sikupatsani chilolezo chosenza mopitirira. Lole ya matani 3 imanyamula matumba 60 a makilogalamu 50, ndipo thumba lililonse loonjezera likuonjezera kutentha kwa mabuleki. Chiphaso cha RTSA chimangosonyeza mmene lole inalili tsiku limene inayezedwa. Choncho ulendo wa kum'mawa usanayambe, kokani kandodo muli kuno ku Kitwe, mumve ngati yayankha. Ngati siinayankhe, ulendowo uyambe wadikira.